Mwana Akalirira Nyanga ya Nsatsi

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, poti nkhani ya khalidwe siyenera kuyambira pa zolakwa za anzako. Chaka chatha bungwe lina lothandiza achinyamata, lomwe dzina lake ndilisunga, lidandiitana kuti ndilembe kabuku ka nkhani yopeka ka ana a ku sekondale. Kwa munthu wonga ine, wodyera cholembera, wopanda malipiro a pamwezi, amene mwini nyumba amamupeza akudikira kandalama ka ndakatulo yomwe idatuluka miyezi itatu yapitayo, kuitanidwa kotere ndi mvula yogwa pachilala. Ndidavomera asanamalize n'komwe kufotokoza.

Ndidalemba za mtsikana wa Fomu 3 wa ku Ndirande, wogulitsa mandasi m'mawa asanapite kusukulu, wakuthwa pakamwa, amene mtima wake udagwa pa mnyamata wina wa kabaza. Ndidamulemba monga ndimawaonera atsikana a kwathu kuno: amanama pang'ono, amaseka kwambiri, amaopa mayi ake koma masamu sawaopa. Zolembazo zidabwerera zitafiira ndi ndemanga. Ati mtsikanayu akusangalala mopitirira, owerenga angatengere. Ati pofika mutu wachitatu pakhale mlangizi wofotokoza mfundo zisanu za pulojekiti. Ati wa kabazayo aoneke kuipa kuyambira tsamba loyamba, ndipo kumapeto mtsikanayo alape pamaso pa anzake a m'kalabu. Ndidang'ung'udza usiku umodzi wokha. Kutacha ndidasintha zonse. Ndalama idalowa, lendi ndidalipira, kabuku kadasindikizidwa pa pepala lonyezimira.

Kope limodzi ndidapatsa mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 16 amene maso ake sachoka pafoni. Patapita masiku awiri adandibwezera.

"Ankolo, ndangofika patsamba 6 ndadziwa kale mmene ithere. Iyi si nkhani. Ndi zija amayankhula ahedi pa asembule."

Ndidaseka, koma kuseka kwa munthu woponda minga pagulu. Kuyambira tsiku limenelo funso limodzi lakana kundichoka: kodi munthu wopatsa mwana buku mwaulere ali ndi ufulu womusankhiranso zoti aganize akaliwerenga? Kapena tinene motere: mphatso ya buku imathera pati, ndipo chingwe chimayambira pati?

Ndisanapitirire, ndiyambe ndathokoza, kuopa kuti wina angati wolemba uyu ndi galu woluma dzanja lomudyetsa. Popanda akufuna kwabwino, ambiri a ife sitikadagwirapo buku lina kupatula la m'kalasi. Bungwe la Book Aid International lidayambika mu 1954 ndi mayi wina wa ku Britain, Hermione Ranfurly, amene adaona kusowa kwa mabuku ku Bahamas komwe mwamuna wake adali bwanamkubwa. Lidayamba ndi dzina la Ranfurly Library Service ndipo lidasintha dzina mu 1994. Mabuku ambiri amene limatumiza ndi atsopano, operekedwa ndi makampani osindikiza a ku Britain, ndipo kuno akhala akufika kudzera ku National Library Service, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967. Bungwe la CODE la ku Canada, lomwe chiyambi chake ndi 1959, nalonso lakhala likuthandiza malaibulale ndi kusindikiza mabuku a ana m'maiko a mu Africa. Pamene boma lidachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana ankaphunzirira pansi pa mitengo, buku limodzi ana angapo. M'nyengo ngati imeneyo katoni ya mabuku yochokera kutsidya kwa nyanja siidali nkhani yotsutsirana. Idali ngati thumba la chimanga m'mwezi wa February.

Ndipo umboni wa ubwino wake tili nawo, wamoyo, wa msinkhu wathu womwe. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo atalephera fizi. Adayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya kwawo, kodzaza ndi mabuku a thandizo lochokera ku America. Kumeneko adapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina opukusa ndi mphepo pachikuto. Chingerezi chidali chomuvuta, choncho ankatsata zithunzi. Ali ndi zaka 14 adamanga makina ake ndi mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala, magetsi n'kuyaka m'nyumba ya bambo ake. Mbiri yake idatuluka m'buku mu 2009 ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor adaisandutsa filimu. Wotsutsa mphatso ya mabuku ayambe wayankha Kamkwamba.

Koma taonani bwino nkhani yomweyi, abale anga. Palibe komiti imene idakhala pansi mu hotela ya ku nyanja n'kugwirizana kuti mnyamata wa ku Wimbe akusowa uthenga wa magetsi. Bukulo silidalembedwere iye. Lidalembedwera ana a sukulu a ku America, ndipo lidafika ku Kasungu ngati mlendo wosochera. Chimene opereka adachita bwino n'kuika mabuku osiyanasiyana pa shelefu, n'kutsegula chitseko, n'kuchokapo. Kusankha kudali kwa mwanayo. Akadamufunsa zosowa zake monga amafunsira m'mafomu a masiku ano, akadamulembera kabuku kolimbikitsa ana osiya sukulu kuti asataye mtima, iye akadakawerenga, n'kuvomereza, n'kubwerera kumunda. Ndiye phunziro la Kamkwamba lili pawiri. Likuti perekani mabuku. Likutinso simungadziwiretu buku limene lidzatsegule mutu wa mwana.

Tsono ndimve mbali inayo, chifukwa ili ndi mfundo zolemera ndipo anthu ake si zitsiru. Mayi amene adandibwezera zolemba zanga zija adandiuza mosapsatira kuti iwo sasewera ndi miyoyo. Ndipo n'zoona. Kuchokera pamene Edzi idapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985 kufikira pamene mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, tidaika m'manda mbadwo wathunthu wa aphunzitsi, anamwino, amalume ndi azakhali. Ife a zaka za m'ma 30 tidakula tikumva nyimbo za maliro kuposa za ukwati. Lero lino atsikana akusiyabe sukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati a ana. Munthu amene wapatsidwa ndalama zochepa kuti apulumutse ana oterewa angafunse mwachilungamo: ndiwonongerenji ndalamazi pa nkhani yongosangalatsa? Kholo silifunsa mwana ngati akufuna katemera. Komanso ndalama n'zawo. Wophika ndiye amadziwa mchere umene wathira.

Angawonjezenso kuti kuphunzitsa kudzera m'nkhani si chinthu chobwera ndi azungu a mabungwe. Nthano za agogo zinkathera pa phunziro. Mabuku athu akale a Chichewa, a E.W. Chafulumira ndi a J.W. Gwengwe, adali olangiza mosabisa. Ngakhale Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, limodzi mwa mabuku oyambirira a nkhani zopeka m'chiyankhulo chathu, lidatchuka chifukwa cha mpikisano wokonzedwa ndi bungwe la ku London loona za ziyankhulo za mu Africa. Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo nkhani yake imathera pa kutembenuka mtima. Ndiye kuti dzanja la wopereka lidalipo kale pa mchombo wa zolemba zathu. Nanga ine ndikudandaula chiyani?

Ndikudandaula ichi. Agogo ankaika phunziro kumapeto, titadya kale nkhani yonse, ndipo Kalulu sankamusambitsa. Kalulu ndi wabodza, waulesi, womwa madzi pachitsime chimene adakana kukumba, ndipo kawirikawiri amapulumuka. Ana tinkamukonda ndi kuipa kwake komwe, ndipo m'kumukondamo tinkaphunzira kuyeza tokha pamene nzeru ithera ndi pamene chinyengo chiyambira. Ntara nayenso adalola Nthondo kuba, kunama ndi kuyendayenda masamba ambirimbiri asanamugwaditse. Wowerenga amayenda naye, amachimwa naye, ndipo kutembenukako kukafika kumakhala ndi kulemera. Kabuku kanga kaja kadalibe zimenezi. Mtsikana wanga ndidamulanda ufulu wolakwa mokoma, wowerenga ndidamulanda ufulu woweruza. Mwana wa achemwali anga adanunkhiza msanga kuti akumukokera kwinakwake, ndipo mwana wa zaka 16 akazindikira kuti ukumukoka amaumitsa khosi ngati mbuzi yopita kumsika.

Apa ndiye pali pokhotera nkhani. Anthu amaganiza kuti mkanganowu uli pakati pa buku lothandiza ndi buku losangalatsa. Ayi. Buku losawerengedwa silithandiza munthu. Lingathe kuwerengedwa m'lipoti, kuti makope mwakutimwakuti adagawidwa m'masukulu mwakutimwakuti, koma kugawa si kuwerenga. Ndidafikapo pa sukulu ina kumene mabuku a mphatso adali m'kabati yokhoma, akadali m'mapulasitiki awo, kiyi ali ndi mphunzitsi amene ankaopa kuti akang'ambika adzamufunsa. Pa sukulu yomweyo ana ankabisirana kabuku kachikondi kopanda chikuto, komata ndi selotepi, kodutsa m'manja mwa kalasi yonse. Ifenso tidatero. Tidapeza zotsalira za Pacesetters, mabuku aja kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977, olembedwa ndi anthu a mu Africa, a zachikondi, umbava, katangale ndi apolisi a ku Lagos ndi Nairobi. Aphunzitsi ena ankati ndi zinyalala. Koma ndi zinyalala zimenezo zidatiphunzitsa kukhala pansi maola atatu osadzuka, ndipo amene adazolowera zimenezo ndiwo pambuyo pake adakwanitsa Chinua Achebe ndi Jack Mapanje. Chizolowezi chowerenga chimamera pa chilakolako. Ulaliki umabwera chizolowezicho chitamera kale.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi imandiwawira, ndipo n'cha mbiri ya dziko lino. Mu 1968 padakhazikitsidwa lamulo lopima mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo kwa zaka zambiri anthu ochepa ndiwo ankagamula zimene Amalawi ayenera kuwerenga. Sam Mpasu adatsekeredwa ku Mikuyu mu 1975 chifukwa cha kabuku kake ka Nobody's Friend. Jack Mapanje, amene buku lake la Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981 n'kudzachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, adamangidwa mu 1987 ndipo adatuluka mu 1991 osazengedwa mlandu. Sindikufanizira bungwe lothandiza ana ndi ndende ya Mikuyu, kutero kungakhale kunyoza amene adazunzika. Wina ankaopseza ndi unyolo, wina amakopa ndi alawansi. Koma ndikunena zimene ndidaona m'dzanja langa lomwe. Usiku uja ndikusintha nkhani yanga, palibe adandiopseza, komabe ndidayamba kufufuta ziganizo zina asanandiuze n'komwe, poganizira zimene abwana angakonde. Akuluakulu athu adaphunzira kudzipima okha chifukwa cha mantha. Ife tikuphunzira chifukwa cha njala. Kwa mwana wowerenga zotsatira zake n'zofanana: amalandira nkhani yotafunidwa kale.

Osindikiza mabuku athu nawo asabisale kumbuyo kwa mabungwe. Kale Popular Publications ya ku Limbe, CLAIM ndi Dzuka zinkatulutsa nkhani zopeka zomwe anthu ankagula ndi ndalama zawo, ndipo maina monga Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba adadziwika m'makomo. Masiku ano ukapita ndi nkhani ya achinyamata kwa wosindikiza, funso loyamba n'lakuti kodi ilowa pa silabasi, lachiwiri n'lakuti kodi pali bungwe loti ligule. Sindiwada kwenikweni. Pepala n'lodula, limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kholo limene likuvutika ndi ufa silingagule buku losalembedwa pa mayeso. Koma zotsatira zake n'zakuti wachinyamata wa ku Malawi ali ndi makomo awiri okha: buku la mayeso ndi buku la uthenga. Lina akuti uloweze, lina akuti usinthe khalidwe. Palibe limene likungomuuza kuti khala pansi ndikusimbire.

Ndipo pali msampha wina umene opereka mabuku ayenera kuuganizira. Buku laulere lochokera kunja likadzaza shelefu, wosindikiza wa kuno amasowa pogulitsa, wolemba wa kuno amasowa womusindikiza, ndipo mawa timadzanenanso kuti kuno kulibe mabuku, tumizani ena. A CODE adauona msamphawu. Mu 2008 adayambitsa mphotho ya Burt Award ya nkhani za achinyamata, ndi ndalama za munthu wina wa ku Canada, William Burt. Idayambira ku Tanzania n'kufalikira ku Ghana, Ethiopia ndi Kenya. Nzeru yake idali yakuti wolemba akhale wa m'dzikomo, wosindikiza akhale wa m'dzikomo, ndipo bungwe ligule makope ambiri a mabuku opambana n'kuwagawa m'masukulu ndi m'malaibulale. Ndalama yomweyo idadyetsa wolemba, wosindikiza ndi wowerenga. Chimene ndikadaonjezera n'chimodzi: mabukuwo adali a m'Chingerezi.

Nkhani ya chiyankhuloyi tisaizembe. Timabuku ta Chichewa ta ana a Sitandade 1 mpaka 4 tilipo ndithu, mabungwe adayesetsa. Koma mwana akangotha msinkhu, Chichewa chimamuthawa pa shelefu, ngati kuti chiyankhulo chake n'choyenera nthano za Kalulu ndi mapepala a kuchipatala basi, pamene chikondi, mantha, nsanje ndi maloto a munthu wa zaka 16 ziyenera kuchitika m'Chingerezi. Komatu anawa akuwerenga. Mwana wa achemwali anga uja adandionetsa zimene zimamugoneka mochedwa: nkhani zopeka za m'Chichewa zotuluka chigawochigawo pa Facebook ndi pa WhatsApp, zolembedwa ndi achinyamata anzake, kalembedwe kokhota, zizindikiro za m'kalembedwe palibe, zina zolaula ndithu moti ndidayang'ana kumbali. Koma amasunga ndalama ya mandasi kuti agule bandulo awerenge chigawo chotsatira. Ndiye tisamanamizire ana kuti chikhalidwe chowerenga chidatha. Njala ilipo. Ife ophika ndife tikuphika zimene tauzidwa, osati zimene zikufunidwa.

Tsono yankho langa ndi lotani? Ndikuti wopatsa ali ndi ufulu wosankha chimene apereke, poti chuma n'chake. Ali ndi udindo wosapereka chovulaza, monga kholo lililonse. Koma alibe ufulu wogula mapeto a maganizo a mwana. Ukapatsa munthu mbewu n'kumulamula tsiku lokolola ndi munthu womugulitsa, sunamupatse mphatso, wamulemba ganyu. Buku limasiyana ndi katemera pa chifukwa ichi: katemera amagwira ntchito ngakhale mwana akulira, pamene buku limagwira ntchito pokhapokha mwana walivomera. Choncho kulemekeza ufulu wa wowerenga ndi njira yokhayo imene uthenga womwewo ungadutsire. Amene akufunadi kuti mtsikana wa ku Ndirande aganize kawiri za wa kabaza, amulole amukonde kaye wa kabazayo m'nkhani, aone yekha pamene zikuthera. Akulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Ubwino wa buku ndi wakuti nyangayo imafotera papepala, mwana ali bwinobwino pamphasa.

Kwa mabungwe pempho langa n'lapafupi. Pa makope khumi alionse, lolani ena akhale opanda mfundo zisanu za pulojekiti. Gulani kwa osindikiza a kuno. Ikani ana enieni pa gulu losankha mabuku, osati kuwaitana tsiku lokhazikitsa kuti adzavine ndi kuvala matisheti. Ndipo musamawerenge makope ogawidwa okha. Kayendereni sukulu patatha chaka mukaone kuti ndi buku liti lang'ambika, chifukwa buku long'ambika ndiye lagwira ntchito.

Kwa ife eni ake mawu ndi owawa pang'ono. Mu 2025 boma la America lidatseka bungwe la USAID, lomwe kwa zaka zambiri lidathira ndalama m'mapulogalamu ophunzitsa ana kuwerenga m'dziko muno. Tidaona tonse mmene chitsime cha eni chimaphwera tsiku limodzi, osatsanzika. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ngati kholo la m'tauni lingathe kugula mayunitsi a foni sabata iliyonse, lingathenso kugula buku limodzi pa teremu. Ngati Malawi Writers Union, yomwe idayamba mu 1995, pamodzi ndi nyuzipepala ngati ino zingathe kuchititsa mipikisano, zingathenso kupatula malo a nkhani za achinyamata za m'Chichewa zimene woweruza wake ndi wachinyamata. Ndipo ife olemba tileke kunamizira njala pa chilichonse. Ndalama ija ndidaifuna, inde, koma ndikadatha kulimbana nawo pa ndemanga ziwiri kapena zitatu. Sindidayese n'komwe. Limenelo ndiye tchimo ndidayamba nalo lija.

Mwezi wathawu ndidafukula nkhani yanga yoyamba ija, yosasambitsidwa, n'kuyamba kumutumizira mwana wa achemwali anga pafoni, mutu umodzi Loweruka lililonse. Palibe wondilipira. Sindikudziwa ngati ili bwino, ndipo mapeto ake inenso sindinawapeze. Loweruka lapitali ndidachedwa kutumiza, magetsi atazima tsiku lonse. Cha m'ma 9 koloko usiku foni idalira.

"Ankolo, mwagona? Nanga wa kabaza uja wabwera kapena sanabwere?"